Ndalama za boma zomangira malo a ozimitsa moto kumudzi: poyambira ndi pati?

Achimwene, mwafunsa kuti komiti yanu ingapeze bwanji thandizo la boma lomangira malo a ozimitsa moto pa trading centre panu, poti msika unapsa ndipo galimoto yochokera m'tauni inafika patangotsala phulusa. Pepani kwambiri. Munthu kupserezedwa okala yomwe amadyetsera ana ndi chinthu chowawa, ndiye mwachita bwino osangokhala chete.

Choyamba dziwani kuti kuno kwathu ntchito yozimitsa moto ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo ozimitsa moto okhazikika timawapeza makamaka m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Mukalemba kalata yopita ku Capital Hill mwachindunji, akubwezerani kwa DC wanu. Kuyambira 1998, pamene kunabwera lamulo la maboma ang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, chitukuko chimayenera kuchokera pansi. Nkhani iyambire ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), ilembedwe m'mapulani a mudzi, ipite ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) komwe kumakhalanso a T/A, kenako ikalowe mu pulani ya chitukuko cha boma lanu lonse ku ofesi ya DPD, mkulu woona za mapulani ndi chitukuko ku khonsolo. Ntchito yomwe mulibe m'pulani imeneyo ndi yovuta kuipatsa ndalama, ngakhale za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Choncho khansala ndi phungu wanu akhale nanu kuyambira tsiku loyamba, osati kuwaitana pomaliza kuti adzangosayina. Chaka cha zachuma cha boma chimayamba pa 1 April, ndiye pempho lifike ku khonsolo miyezi ingapo bajeti isanamangidwe.

Koma langizo langa lenileni ndi ili: musayambe ndi kupempha nyumba kapena galimoto. Yambani ndi madzi. Galimoto yozimitsa moto imanyamula malita masauzande ochepa chabe, ndipo akatsegula mapaipi madziwo amatha m'mphindi zowerengeka. Ikatero imafuna pomwera pafupi. Ngati pamsika panu mumadalira mjigo umodzi womwe amayi amaima pamzere ndi zigubu kuyambira mbandakucha, galimotoyo idzangokhala yoonera. Thanki yaikulu pakati pa msika, pampu yake, mapaipi aatali, zozimitsira moto za m'manja zopachika m'mizere ya maokala, ndi anyamata ndi atsikana khumi kapena kuposerapo ophunzitsidwa bwino, zimenezi ndi zoti thumba la CDF likhoza kukwanitsa. Ngati kwanuko kuli mipopi ya Water Board, pemphani akuikireni potungira madzi a ozimitsa moto. Muyang'anenso njira za mumsika. Misika yambiri mabenchi anathinana mpaka wilibala imavutika kudutsa, nanji galimoto yaikulu.

Funso lomwe mudzafunsidwe kulikonse ndi lakuti: malo a ozimitsa motowo akadzamangidwa, adzalipira ndani? Dizilo, matayala, batire, malipiro a dalaivala ndi alonda a usiku, zonsezi zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Opereka thandizo ambiri salipira zimenezi. Pamafunika kalata ya khonsolo yovomera kuti malowo adzakhala ake ndipo idzawaika m'bajeti. Apa musachite manyazi kukumbutsa khonsolo kuti mavenda amadula matikiti tsiku ndi tsiku. Gawo la ndalama ya msikayo libwerere kudzateteza msika womwewo.

Za galimoto, yesani ku ofesi ya kazembe wa dziko la Japan ku Lilongwe. Boma la Japan lili ndi thumba la ntchito zing'onozing'ono za m'madera lotchedwa GGP, ndipo kudzera m'thumba limeneli mayiko ambiri alandirako magalimoto ozimitsa moto omwe anagwirapo ntchito kwawoko n'kukonzedwanso. Ubwino wake chiwongolero chili kumanja ngati athu. Wopempha akhale khonsolo kapena bungwe lolembetsedwa, osati gulu la pa WhatsApp. Ndiye komiti yanu ikalembetse, itsegule akaunti ku banki ya osayinira atatu, ndipo malo omangapo akhale ndi mapepala, osati mawu a pakamwa a amfumu okha.

Pempho lanu likhale ndi umboni wogwirika. Lembani moto uliwonse womwe wachitika zaka zisanu zapitazi: tsiku lake, chomwe chinayambitsa, kaya mbaula, kandulo, mawaya olumikiza mwachinyengo kapena petulo wosunga m'zigubu, katundu yemwe anapsa ndi mtengo wake. Tengani malipoti a polisi, zithunzi, ndi a ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi pa boma panu. Onetsani makilomita ochokera kwa ozimitsa moto apafupi, ndi momwe msewu umakhalira nthawi ya dzinja. Tchulaninso chipatala, sukulu yogonera konko, chigayo, filling station ndi nkhokwe za chimanga zomwe zili pafupi, chifukwa amene akuwerenga amafuna aone kuti opindula si eni maokala okha.

Sabata ino pitani kwa wapampando wa VDC kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano ukubwerawu, ndipo mlembi alembe m'maminitsi. Kope la maminitsi amenewo mulisunge bwino, adzalifuna ku ADC.