Yambirani pa ndere za pa mkungudza, mayina abwera pambuyo

Achemwali, mwafunsa za momwe mungayambire kuzindikira ndi kulemba mitundu ya ndere zouma za pamiyala ndi pamakungwa m'phiri la Mulanje, zija asayansi amati lichen. Ine ndikuti musathamangire dzina. Yambani mwazolowetsa maso.

Ndere zimenezi ndi zamoyo ziwiri zogonera nyumba imodzi: bowa, yemwe amapanga thupi ndi kusunga chinyezi, ndi tindere tobiriwira tomwe timapanga chakudya ndi dzuwa. Zina zimamatirira pamwala ngati penti, zina zimatukula m'mphepete ngati timasamba, zina zimalendewera ngati ndevu. Yambirani pa zandevuzo. Mukakwera kuchokera ku Likhubula kulowera ku Chambe kapena ku Lichenya, muzipeza panthambi za mkungudza ndi mitengo ina, makamaka komwe nkhungu ya chiperoni imakhalitsa. Kokani kanthambi kamodzi ka ndereyo pang'onopang'ono. Khungu likang'ambika n'kutulukira kaulusi kotanuka ngati mphira, mwapeza ndere za gulu lotchedwa Usnea. Tsiku lomwe ndinaona koyamba kaulusi kameneka ndinakhala pamwala kwa nthawi, ndikungokokakoka.

M'chikwama musaiwale kagalasi kokuzira zinthu ka 10x, mpeni, pensulo ndi maenvelopu a pepala. Ndere mukaziika m'jumbo zimachita nkhungu n'kuwonongeka. Tenganinso Jik pang'ono: mukapala khungu la ndere n'kudonthezapo, mitundu ina imafiira mkati kwakanthawi, ina ayi. Lembani zomwe mwaona.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pakalembedwe. Envelopu iliyonse ikhale ndi nambala, tsiku, malo a GPS ya pafoni, kukwera kwa malowo, ndiponso ngati ndi pamwala, padothi kapena pamtengo wanji, pamthunzi kapena poyera. Jambulani zili zouma, muwazepo madzi, mujambulenso, chifukwa zikanyowa zimasintha mtundu. Popanda zimenezi, ngakhale katswiri sangakuthandizeni.

Musanadule kalikonse, pemphani chilolezo ku nthambi ya zankhalango, ndipo mukwere ndi wolondolera njira. Chonde muzitenga kachidutswa kakang'ono basi. Zomatirira pamwala zija zina zimakula milimita imodzi yokha pachaka, ndipo moto wolusa wadya kale zambiri.

Zithunzi ikani pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amathandizana kuzindikira zamoyo. Maenvelopu pitani nawo ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera ku Zomba, chifukwa mitundu yambiri imasiyanitsidwa ndi maikulosikopu ndi mankhwala. Ngati dzina lonse silinatsimikizike, lembani dzina la gulu lokha, monga "Usnea sp.", ndipo musiye pomwepo.