Ntchito tigwire ife amayi, mayina alembe abambo okha?

FUNSO: Assalam alaikum. Ndine mayi wa ku Machinga, ndili m'gulu la amayi a dawa (ntchito yofalitsa chisilamu) pa mzikiti wathu. Timasonkha kangachepe Ijuma iliyonse, timakazonda odwala, maliro a mzimayi akagwa osambitsa ndi ife, ophika ndi ife, koma thandizo likabwera kuchokera ku mabungwe monga ufa ndi mafuta a Ramadhani, komiti ya abambo ndi imene imalemba mayina, ife kungouzidwa kuti bwerani mudzathandize kugawa. Chaka chino mabungwe awiri agawa m'mudzi umodzimodzi pomwe mudzi wa kutsidya sanaone olo kapu ya ufa. Titafunsa akuti mkazi satsogolera. Anzanga akuti tingotuluka tiyambe bungwe lathulathu. Titani? Mayi wodandaula, Machinga.

YANKHO: Wa alaikum salaam achemwali. Zotuluka zija dikirani kaye, chifukwa mukangotuluka ndiye kuti m'dera lanu mwawonjezera kagulu kachitatu kokhala ndi kaundula wakewake, ndipo mudzi wa kutsidya uja chaka cha mawa udzadumphidwanso.

Za mkazi satsogolera, nkhani ya kutsogolera swala (mapemphero) tiwasiyire mashehe, koma kulemba mayina a osowa ndi kusunga buku la ndalama si swala ayi. Mayi Zainab bint Jahsh, mkazi wa Mtumiki (SAW), ankagwira ntchito ya zikopa ndi manja awo ndalama nkumapereka sadaka. Zubaida, mkazi wa Khalifa Harun al-Rashid, anatulutsa chuma chake kukonzetsa zitsime ndi madamu pa njira ya mahaji yochokera ku Kufa mpaka ku Makkah, mpaka lero njirayo imatchedwa dzina lake. Mwina wina anena kuti zimenezo nzakale, chabwino, ku Indonesia kuli bungwe la amayi la Aisyiyah lomwe linayamba mu 1917 ku Yogyakarta, ndi mbali ya bungwe lalikulu la chisilamu la Muhammadiyah koma liri ndi atsogoleri akeake achizimayi, likuyendetsa sukulu za mkaka zambirimbiri, zipatala ngakhalenso yunivesite.

Koma chitsanzo chimene ndikufuna muchionetsetse ndi cha ku Nigeria. Kumeneko timagulu ta amayi achisilamu tinalipo tambiri, aliyense kumapanga zake, mpaka mu 1985 anakumana ku Minna nkukhazikitsa FOMWAN, mgwirizano wa magulu a amayi achisilamu m'dzikolo, Amira (mtsogoleri) woyamba anali mayi Aisha Lemu. Sanathetse timagulu tija ayi, kalikonse kanatsala ndi dzina lake ndi ntchito yake, anangomanga mgwirizano pamwamba kuti akamayankhula ndi boma kaya ndi mabungwe akunja mawu azikhala amodzi. Lero ali ndi masukulu ndi zipatala, ndipo pa nthawi ya katemera wa poliyo kumpoto kwa dzikolo amayi amenewa ndi ena mwa amene ankalowa m'makomo momwe mwamuna wachilendo sangalowe. Inunso mphamvu yanu ili pomwepo. Mayi amene ali pa eda mwamuna wake atamwalira amakhala pakhomo miyezi 4 ndi masiku 10, sangakaime pa mzere wa ufa, ndipo abambo a komiti sangakamuchezere, nde dzina lake alidziwa bwanji ngati si inu? Chimodzimodzi gogo amene akulera adzukulu amasiye, kapena mtsikana amene wasiya sukulu kamba kosowa zovalira akakhala kumwezi, ameneyo sangauze shehe.

Ndiye mukapita kwa abambowo musakapemphe udindo wa dzina chabe. Ndawaona makomiti ambiri amene amati tili ndi oimira amayi, koma mayiyo ntchito yake kuphika tiyi wa msonkhano basi. Kapempheni kuti kaundula wa olandira muzilemba limodzi ndipo asatuluke popanda siginecha ya mzimayi, komanso kuti pa anthu osainira ku akaunti ya banki mmodzi akhale wa gulu lanu. Pitani ndi buku lanu la zosonkha za Ijuma lolembedwa bwino, tsiku, ndalama, amene analandira, chifukwa munthu wobwera ndi buku savuta kumumvera kusiyana ndi wobwera ndi madandaulo okha. Ndipo musawayambire pagulu, yambani mwaonana ndi shehe ndi akuluakulu awiri atatu pambali, anthu akachita manyazi pagulu amakana ngakhale zomwe mumtima akugwirizana nazo.

Za kugawa kawiri mudzi umodzi, mankhwala ake ndi osavuta koma anthu sawafuna poti aliyense amafuna chithunzi cha bungwe lake pa Facebook. Mwezi wa Shabani usanathe, Ramadhani isanayambe, itanani magulu a amayi a mizikiti yonse yoyandikana nanu, osayang'ana kuti awa ndi Asilamu a gulu la Qadria awa ndi a gulu la Sukuti, njala siifunsa zimenezo, muike makaundula pamodzi, muuzenso amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi. Gulu lanu mukalilembetse ku ofesi ya Social Welfare kwa DC ngati CBO, bungwe la anthu a m'dera, kuti mabungwe akamafunsa amene akugwira ntchito m'deramo dzina lanu lizipezeka. Ngati zonsezi mwayesa koma abambowo akukanabe ngakhale siginecha imodzi, apo mukhoza kuima panokha, bola mukhale mgwirizano wa magulu angapo, ndipo kaundula wanu muziwapatsabe.

FUNSO: Kodi mayi amene amayenda kutolera ndi kugawa zakaati (chopereka cha lamulo cha Asilamu) akapatsidwa ya thiransipoti ndi haramu? Ena akutinena kuti tikudya za amasiye. Msungichuma, Balaka.

YANKHO: Si haramu ayi. Mu Surat Tawba ndime 60 muli magulu 8 oyenera kulandira zakaati, ndipo limodzi mwa iwo ndi ogwira ntchito yotolera ndi kugawa. Chimene chimabweretsa miseche ndi kudzipatsa nokha mwakachetechete. Komiti igwirizane mlingo wake poyera, shehe wanu aone ngati uli woyenera, zilembedwe m'buku, ndipo wolandirayo asakhale yemweyo wosainira ndalamazo.