Dzina la yunivesite ya Stanford ndi la mwana, osati bambo

Achimwene, mwafunsa ngati yunivesite ya Stanford ya ku America inatenga dzina la munthu wandale. Mwayandikira ndithu, koma dzinalo kwenikweni ndi la mwana wake.

Bamboyo, Leland Stanford, anabadwa mu 1824 m'chigawo cha New York, ndipo poyamba anali loya ku Wisconsin. Moto utapsereza ofesi yake ndi mabuku ake mu 1852, anasamukira ku California komwe anthu ankathamangira golide. Kumeneko anapeza ndalama pogulitsa katundu m'sitolo kwa okumbawo. Mu 1862 anakhala bwanamkubwa wa California.

Chuma chambiri chinabwera ndi njanji. Ankatsogolera kampani ya Central Pacific, ndipo pa 10 May 1869, ku Promontory Summit ku Utah, ndi iye amene anagwira hamala pamwambo wa msomali wagolide, njanji yakumadzulo itakumana ndi yakummawa. Koma ine chimandiwawa mumtima n'chakuti polandira ubwanamkubwa ananyoza anthu ochokera ku China kuti ndi mtundu wotsika. Chonsecho ndi anthu omwewo, masauzande ambiri, amene pomanga njanjiyo anaboola miyala ya mapiri a Sierra Nevada m'chisanu choopsa, akulandira malipiro ochepa kuposa azungu.

Mwana wake mmodzi yekhayo, Leland Junior, anamwalira ndi taifodi ku Florence, m'dziko la Italy, mu 1884 ali ndi zaka 15. Pomukumbukira, bamboyo ndi mkazi wake Jane anapereka famu yawo ya mahatchi ya ku Palo Alto ku California, ndipo yunivesiteyo inatsegulidwa mu 1891. Bamboyo anamwalira mu 1893 ali seneta, phungu wa nyumba ya malamulo ya dziko la America.