Akamakutchulani wofatsa, akukuyamikani kapena akukupeputsani?

Achemwali ena a ku Chilomoni andilembera imelo. Akuti kuntchito aliyense amangowatchula kuti wofatsa, ndiye akufuna kudziwa tanthauzo la mawuwa ndi komwe anachokera. Funso limeneli landikhudza penipeni.

Inetu ndinakula ndi dzina lomwelo. Agogo ankalinena monyadira, koma m'tauni muno limasanduka chilolezo. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe amangokuyang'ana nkhope, n'kuona kuti uyu sakangana, chenji chako n'kuiwalika mpaka pa Ginnery Corner. Kuofesi, ntchito ya Loweruka imagwera yemwe sayankha uja. Pamaliro, wofatsa ndiye amatsuka mapoto anzake ali pamthunzi kukamba zandale. Ndinene mosapsatira mawu: ambiri otamanda kufatsa kwa anzawo ndi amene amadyerapo.

Chonsecho mvetserani mmene timalankhulira. Mphunzitsi akati "werenga mofatsa" sakunena za mantha, akutanthauza kuti usathamange, maso akhale pa chinthucho. Makolo otcha mwana wawo Fatsani samufunira zoti azipondedwa. Ng'ombe yofatsa nayo nyanga ili nazo.

Ndikadutsa pa HHI, pa mishoni ya Blantyre, ndimakumbukira m'busa David Clement Scott. Dzina loti Clement linachokera ku mawu a Chilatini akuti clemens, kutanthauza wofatsa. Koma bambo ameneyu, wosaphunzira n'komwe za zomangamanga, anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, mu 1892 n'kutulutsa dikishonale ya Chimang'anja, kwinaku akutsutsana ndi Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda. Ndiye wina adzandiuze kuti wofatsa ndi wongoti inde bwana!

Tsono yankho lanu, achemwali

Tsinde la mawu akuti wofatsa ndi -fatsa, lathu lomwe, losabwereka kwa azungu, ndipo m'menemo mumachokera chifatso, mofatsa ndi Fatsani. Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anaika chifatso pa Agalatiya 5:23 m'malo mwa mawu a Chigiriki akuti prautes, n'kuwatsatiza ndi chiletso, komwe ndi kudziwa polekezera. Lolemba akakusenzetsaninso ntchito ya wina, auzeni kuti yanu ikukukwanirani, musakweze mawu, ndipo musapepese.