Kuyamba kuweta muli ndi ana atatu pakhomo: yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba pano. Iwo ndi amuna awo apeza malo, ndipo akufuna kuyamba ndi nkhuku 50, mbuzi zisanu ndi nkhumba ziwiri, zonse pakamodzi. Ali ndi ana atatu, wamkulu wa zaka 11, wamng'ono wa zaka 4. Funso lawo ndi ili: kodi tsiku limayenda bwanji pakhomo lotere, nanga ana sadzavutika?

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndiyambe ndi chimene chimadabwitsa ambiri: chiweto sichidziwa kuti lero ndi Lamulungu, sichidziwa kuti mwadzuka mutu ukuwawa kapena kwabwera alendo. Ntchito yake si yolemera kwenikweni, koma ndi ya tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, chaka chonse.

Ine ndikadzuka, ndisanagwire china chilichonse, ndimatsekula khola la nkhuku n'kuima pambali. Zathanzi zimatuluka molimbirana, zina mpaka kudumphana pamsana. Imene yatsalira pakona, mapiko ali pansi, nthenga zitanyankhalala, maso ikutsinzina, ndiye imene ndabwerera. Mphindi zisanu zoima chabe ndi kuyang'anazi zandipulumutsira ziweto zambiri kuposa mankhwala alionse. Kenako madzi. Nkhuku yoikira imadya pafupifupi magalamu 120 patsiku, ndipo madzi imamwa ochuluka kuwirikiza kawiri. Ikangosowa madzi tsiku limodzi, mudzaona mazira akuchepa kwa masiku angapo. Zikatero ndimapita kwa mbuzi, kusesa ndowe, kuona ziboda. Mbuzi imadana ndi chinyontho. Khola lonyowa limaoletsa ziboda ndi kuchulukitsa njoka zam'mimba.

Mudzazolowera kuwerenga masiku. Thadzi limafungatira mazira masiku 21, bakha masiku 28, ena mpaka 35. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150. Nkhumba ndi masiku 114, kapena kuti miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu. Muzilemba tsiku limene chiweto chakweredwa, chifukwa nthawi yoswa ikayandikira simungachoke pakhomo. Ndimakumbukirabe usiku umene mbuzi yathu yoyamba inaswa mapasa. Kachiwiriko kanali kofooka, kosatha kuima. Ndinakapukuta ndi chiguduli, mwana wanga wamkazi atandigwirira tochi dzanja likunjenjemera, kenako ndinakagwirizira kubere mpaka kanayamba kuyamwa. Mkaka woyamba uja, wokhuthala wachikasu, uyenera kulowa m'mimba m'maola oyambirira, chifukwa ndi umene umapatsa kamwana chitetezo ku matenda. Mwana wanga uja mpaka lero amaikamba nkhani imeneyi.

Tsopano pa chiwerengero chanu, ndikuuzeni mosabisa: zachuluka. Yambani ndi nkhuku 10 kapena 15, mukhale nazo chaka chathunthu, mvula ndi chilimwe chomwe. Mbuzi zibwere pambuyo, nkhumba pomalizira, chifukwa nkhumba imadya kwambiri ndipo siyembekeza. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka changa chachiwiri ndinagula tambala wokongola n'kumulowetsa m'khola tsiku lomwelo. Sipanathe masabata awiri, chitopa chinali chitasesa pafupifupi khola lonse. Ndinkatola nkhuku m'mawa uliwonse, zina makosi atapotokera kumbuyo, ana akulira. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimapewedwa ndi katemera, monga wa I-2 amene amadonthezedwa dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse. Ndipo chiweto chilichonse chachilendo chizikhala pachokha masabata osachepera awiri chisanasakanikirane ndi zinzake.

Za ana ndiye zimene zili pamtima panga. Sadzavutika mukawapatsa ntchito yolingana ndi msinkhu, ndiponso ngati ntchitoyo sikuwalanda nthawi ya sukulu. Wa zaka 11 atha kutolera mazira, kudzaza zomwera, kuwerenga nkhuku zikamalowa madzulo. Adzayamba kuona zimene inu simunaone, monga kuti thadzi lina labisa mazira kuseri kwa nkhuni, kapena kuti kabawi wayamba kuzungulira nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Wa zaka 4 uja azingoonerera muli naye pafupi. Anapiye amaoneka aukhondo koma amatha kunyamula tizilombo ta Salmonella, ndiye asawapsompsone, ndipo aliyense wochokera kukhola asambe m'manja ndi sopo. Kukhola la nkhumba yoyamwitsa, mwana asalowemo ngakhale pang'ono, imakhala yaukali.

Chovuta kwambiri n'chakuti ana adzazipatsa mayina. Simungawaletse, ndipo ine sindiwaletsa. Koma musawanamize. Ngati mbuzi ija idzagulitsidwa kapena kuphedwa, adziwiretu kuyambira pachiyambi, ndipo tsikulo likafika muwauze dzulo lake, osati abwere kuchokera kusukulu n'kupeza chingwe chokha pachikhomo. Adzalira, asiyeni alire, mukhale nawo pansi.

Chotsala ndi cha inu awiri. Mu imelo yanu mwalemba kuti amuna anu apitiriza kugwira ntchito kutauni, azibwera kumapeto kwa sabata. Ndiye kuti masiku asanu ziweto zonse, ana atatu ndi nyumba zili pamutu panu. Khalani pansi musanagule ngakhale mwanapiye mmodzi, mugwirizane kuti ndalama za mazira azisunga ndani, chakudya cha ziweto chikatha pakati pa sabata chidzabwera bwanji, ndiponso ndani adzatseke khola tsiku limene mwana wadwala usiku inu mwagona naye kuchipatala. Munthu ameneyo mumupezeretu, mumuonetse pamene pamakhala chakudya, ndi mmene chitseko cha khola chimatsekedwera.