Mbiri ya agogo isamathere pa "anabadwa, anadwala, anamwalira"

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Agogo ake aakazi anamwalira chaka chatha kwawo ku Dedza ali ndi zaka zopitirira 90. Akuti mbiri yomwe inawerengedwa pa maliro inali ya mizere yochepa chabe, kubadwa, kukwatiwa, ana angati, zidzukulu zingati, kudwala, basi yatha, pomwe agogowo anali a Chigwirizano ku CCAP kwa zaka zambirimbiri, anali mzamba, komanso analera ana amasiye ambiri. Pano abale akumanga chiliza ndipo apempha iyeyo kuti alembe mbiri yoti iwerengedwe tsikulo. Akufunsa kuti ayambire pati poti ngakhale chaka chobadwa sichikudziwika bwino, komanso ngati atchule zoti agogo aamuna anapita ku Theba, kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, osabwereranso.

Achemwali, pepani kwambiri. Ndipo musawakwiyire amalume anu amene analemba mbiri yoyambayo. Mbiri ya pa maliro imalembedwa usiku pa siwa, munthu atatopa, uku akumufunsa za bokosi uku za ufa uku adzukulu akudikira kumanda, ndiye amangogwira pepala nkulemba zomwe aliyense amalemba. Inu muli ndi nthawi yomwe iwo analibe.

Za chaka chobadwa musavutike nazo mtima kwambiri. Chomwe chili pa ID mwina ndi chongoyerekeza, paja pa kalembera wa 2017 agogo ambiri amangotchula chaka chomwe chabwera m'mutu kuti mzere uyende. Tumani munthu kwa mlembi wa mpingo, mipingo yambiri ya Sinodi ya Nkhoma imasunga kaundula wakale wa ubatizo ndi wa maukwati, ndipo mwina mukapeza chaka chomwe analowa kalasi kapena chomwe anabatizidwa. Fufuzaninso mu Buku Lopatulika lawo ndi m'buku la nyimbo, anthu akale amakonda kubisamo makadi ndi timapepala. Zikakanika, funsani anzawo pogwiritsa ntchito zinthu zomwe akulu amawerengera nazo zaka. Pa njala ya 1949 anali atatha msinkhu kapena ayi? Pa chipwirikiti cha 1959 anali ndi mwana kumbuyo? Nanga pomwe timalandira ufulu mu 1964, kapena pomwe kwacha imalowa m'malo mwa paundi mu 1971, mwana wachingati anali akuyamwa? Mukatero mutha kunena mosanama kuti anabadwa cha m'ma 1930, ndipo anthu akamva kuti njala ya 49 anaiona ndi maso ali mtsikana amvetsa kutalika kwa moyowo kuposa kumva nambala.

Koma chomwe ndikufuna ndikuuzeni kwenikweni ndi chakuti mbiri ya munthu ngati ameneyu siili kwa inu apabanja nokha ayi. Inu mumawadziwa ngati agogo. Amene amadziwa ntchito yawo ndi amayi a Chigwirizano anzawo, amene amagona nawo pa siwa, kuimba nawo mpaka kucha, kupita nawo kukatungira madzi ndi kukatolera nkhuni odwala, kukasinjira mayi amene wangochira kumene. Pitani kwa amenewo. Ndipo musakawafunse kuti "agogo anali munthu wotani", chifukwa aliyense akuyankhani kuti anali wabwino, wokonda kupemphera, ndipo mubwerera chimanjamanja. Funsani kuti nyimbo yomwe amakonda kuyambitsa pa maliro inali iti. Vesi yomwe amaibwerezabwereza akapatsidwa mpata wolalikira ku Chigwirizano. Anavekedwa liti yunifomu, bulauzi yoyera ndi duku loyera lija, ndipo anavekedwa ndi ndani. Anali mlangizi? Ngati anali mlangizi ndiye kuti pali amayi ambiri m'mudzimo, ena ndi agogo pano, amene anadutsa m'manja mwawo pa chilangizo komanso pokonzekera ukwati, ndipo amenewo ali ndi nkhani zomwe inu simunazimvepo.

Poti inu muli kutali, pezani msuweni wanu mmodzi wofatsa, mumugulire bando, apite ndi foni akajambule mawu nkumakutumizirani pa WhatsApp. Akapite ndi kashuga ndi kasopo, akhale pamphasa, asafulumire. Akuluakulu salongosola nkhani kwa munthu woimirira. Ndipo ayambire kwa wokalamba kwambiri, sabata ino ngati nkotheka, chifukwa anzawo a agogo nawonso zaka zapita.

Za uzamba, ndaona mu imelo yanu kuti mukuchita ngati mukukayika, mwina poti boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007. Musachite nazo manyazi. Zaka zomwe agogo anu amadzutsidwa pakati pa usiku ndi nyali ya palafini, chipatala chinali kutali, ambulansi kunalibe, ngolo kapena machira ndiye inali thiransipoti. Anachita zomwe mudzi umafuna pa nthawi yake. Ine ndikanakhala inu ndikanati pofika pamenepa powerenga ndiime kaye, ndipemphe kuti onse amene anabadwira m'manja mwa agogo aimirire. Mudzaona nokha anthu a imvi akuimirira, ena mwina ndi akulu a mpingo, ndipo simudzafunikanso kuwonjezera mawu ambiri.

Tsopano nkhani ya agogo aamuna. Maganizo anga ndi akuti itchulidwe, koma mwaulemu, ndipo musanalembe mukambirane kaye ndi amalume, mwini mbumba, komanso ana a agogo amene ali moyo, chifukwa bala limeneli ndi lawo kuposa lanu. Si banja lanu lokha lomwe linaona zimenezi. Amuna ambiri a m'chigawo chapakati anapita ku migodi ya ku Joni kudzera kwa olemba anthu ntchito a Wenela ndi Theba, ena ku Harare ndi ku Bulawayo, ena amabwerako ndi njinga ndi wailesi, ena anasanduka matchona. Mu 1974 ndege yomwe inanyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha Amalawi ambiri, Kamuzu mpaka anaimitsa kaye zolemba anthu ntchitozo. Amayi otsala kumudzi ndi amene amalima okha, kufolera nyumba, kusaka fizi, kudikira kalata yomwe mwina siimabwera. Simukufunika kuweruza malemu agogo aamuna pagulu, olo pang'ono. Mutha kungonena kuti amuna awo atapita ku Theba, agogo analera ana okha ndi khasu. Mukachotsa chiganizo chimenecho anthu sadzamvetsa kuti mphamvu ya mayiyu inayesedwa pati, ndipo chikhulupiriro chawo chidzaoneka ngati cha munthu amene zinthu zimangomuyendera.

Chimodzimodzinso ana amasiye aja. M'zaka za m'ma 1990 mpaka pomwe ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, agogo ambiri anaika ana awo m'manda motsatizana nkuyambiranso kulera ali ndi zaka 60. Simukuyenera kutchula matenda a munthu aliyense. Koma awerengeni onse amene anadya pa mphika wawo, osati a magazi okha. Dedza ili m'malire, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu othawa kwawo anadzadza m'midzi ya m'mphepete mwa msewu kuyambira cha m'ma 1986, ndiye funsani ngati panali banja lomwe agogo analipatsa malo kapena kamunda. Nthawi zambiri zoterezi akulu sazinena okha, zimatuluka kwa aneba.

China, musawasandutse mngelo. Ngati anali aukali, nenani kuti anali aukali. Ngati mdzukulu wojomba ku Sande sukulu samadya nsima ya masana mwamtendere, lembani, anthu adzaseka misozi ili m'maso chifukwa adzawazindikira kuti eya, ndi iwowo amenewo. Mbiri yongoyamikira yokhayokha imatha kuwerengedwa pa manda a munthu wina aliyense, ndipo ndi chimene chinakupwetekani pa maliro paja.

Lembani m'Chichewa, ngakhale zidzukulu za kunja zidandaule, chifukwa amene akudzakhala pansi pa mtengo kumvetsera ndi anthu a m'mudzi. Yowerenga pa tsikulo isatalike, mphindi 10 zakwana, paja pali abusa, amfumu ndi makwaya akudikiranso. Zotsalazo, mawu ojambula aja, zithunzi za makadi, mayina a ana ndi zidzukulu, zisungeni pamodzi mutumize pa gulupu ya banja, ndipo musindikizeko makope angapo, imodzi mukasiye ku mpingo. Musanawerenge pagulu, muwerengereni mwana wamkulu wa agogo pa foni, akonze pomwe mwaphonya, makamaka mayina a midzi ndi mfunda, poti pamenepo akulu sakhululuka msanga.

Pa bajeti ya chiliza, pambali pa simenti ndi matailosi, muikepo ndalama ya galimoto yokatenga amayi a Chigwirizano okalamba amene pano sangathe kuyenda mpaka kumanda. Mupempheko mmodzi wa iwo kuti ayambitse nyimbo ya agogo ija mukangomaliza kuwerenga, ndipo muwauziretu masiku akadalipo kuti akonzekere.