Musamudikire ejentiyo, pitani ku banki mawa lomweli

Achemwali, ndangoona zomwe mwalemba mu gulu muno zoti kampani ya ndege yomwe munagulako tikiti yagwa, poti munalipira ndi khadi ndipo ejenti wa maulendo akuti mudikire kaye, thupi langa lonse lachita tsembwe. Mawu omwewo akuti "dikirani kaye tikulongosola" ndi amene anandipweteka ine. Musadikire chonde.

Ine zinandipeza ndili ndi mayi anga, tikubwerera kuchokera kunja komwe anakachitidwa opaleshoni ya chiuno. Tafika pa bwalo la ndege cha m'ma 4 koloko m'mawa, mayi ali pa wilitcheya, ine ndikukankha ndi dzanja limodzi lina ndikukoka chikwama, kufika pa kauntala palibe ndi munthu mmodzi yemwe, masikirini onse ozimitsa, pangomatidwa kapepala ndi selotepi kuti kampani yasiya kuuluka kuyambira usiku. Usiku womwewo anali atanditumizira imelo yondikumbutsa check-in, mukumva? Panali mtsikana wina atavala yunifomu ya kampaniyo atakhala pa chikwama chake akulira, nayenso wangomvera pa foni kuti ntchito yatha, koma anthu amuzungulira akumukalipira ngati ndalama zathu zili m'thumba mwake. Mayi anga akundikoka malaya, "mwanawe, ndege yachedwa eti?" ine ndikuti eya amayi yachedwa pang'ono, chonsecho ndikudziwa kuti mankhwala awo atsala a masiku awiri, visa ikutha sabata lomwelo, pomwe timagona tabweza kale makiyi. Ndinawasiya ndi mayi wina wachifundo nkukalowa ku toileti, ndinalira mpaka kukhosi kuwawa. Kenako kuyamba kuimbira abale mmodzimmodzi kupempha ngongole ya matikiti ena awiri, a tsiku lomwelo, mtengo wake musachite kufunsa.

Tsono ejenti uja, Mulungu amuone. Tikiti yanga ndinagula ndekha pa webusaiti ndi khadi, koma ya mayi ndinadzera kwa iyeyo chifukwa cha nkhani ya wilitcheya, ndipo anandinyengerera kuti ndingomutumizira ndalama ku akaunti, akuti khadi imadula. Zitavuta anati musapite ku banki mudzasokoneza zinthu, matikiti onse awiri ndikuthandizani ine. Mwezi woyamba amayankha, wachiwiri "ndili mu miting'i", wachitatu foni kungoitana basi koma pa status akuika zithunzi ali phee. Sindikuti anagwetsa ndege ndi iyeyo ayi, koma ankadziwa bwino lomwe kuti masiku akutha ndipo sanandiuze.

Chifukwa nkhani yonse yagona pa masiku. Ukalipira ndi Visa kapena Mastercard pali chimene amati chargeback, banki yako imakatenga ndalama ku banki ya kampaniyo chifukwa unalipira chinthu chomwe sunalandire, koma nthawi zambiri amapereka masiku 120 kuwerengera tsiku lomwe umayenera kuuluka. Ine ndinamva zimenezi mwezi wachinayi utayamba kale, ndinathamanga ngati wopenga. Woyamba kundilandira ku banki sankadziwa nkomwe, akuti kadandauleni ku kampani ya ndege, kampani yake iti poti yafa? Ndinakweza mawu mpaka anandiitanira wa ku dipatimenti ya makhadi, ameneyo ndiye anatulutsa fomu. Patatha masabata angapo ndalama ya tikiti yanga inalowa yonse. Ya mayi, yomwe ndinatumiza ku akaunti ija, mpaka lero ziii.

Ya mayiyo ndinalemba fomu kwa ma liquidator, aja amagulitsa katundu wa kampani yakufa nkugawira omwe inali nawo ngongole. Koma ife a matikiti timakhala kumchira kwenikweni, amayamba okha ma liquidator kudzilipira, mabanki omwe anagwira chikole, ogwira ntchito, ife tikamafikidwa mulibemo kanthu, ndege zambirinso sizikhala zawo, zimakhala zobwereka, eni ake amangobwera nkudzatenga. Ndiye osaikako mtima kumeneko. Komabe lembani ndithu fomuyo, siidya ndalama, ndipo mabanki ena amafuna kuona kuti munayesako.

Wina mu gulu muno akuuzani kuti boma limathandiza. Zimenezo zinachitika ku UK pomwe kampani ya maulendo ndi ndege ya Thomas Cook inagwa mu September 2019, anthu pafupifupi 150,000 ali kunja boma nkutumiza ndege, komanso pomwe kampani ya ndege ya Monarch inagwa mu 2017. Koma kampani ina ya ndege ya komweko, Flybe, itagwa mu 2020, nkudzagwanso mu January 2023, aliyense anaona yekha msana wa njira. Ngakhale ATOL, ndondomeko yawo yoteteza ndalama za apaulendo kampani ikagwa, imateteza makamaka ogula phukusi la ndege ndi hotelo limodzi, osati tikiti yokha. Ngati muli ku UK ndipo munalipira ndi credit card, tchulani Section 75, lamulo loti kampani ya khadi ikubwezereni ndalama wogulitsa akalephera, imagwira pa zinthu zoposa £100.

Mawa tengani tikiti, lisiti, sitetimenti ya khadi ndi sikirinishoti ya chilengezo choti kampani yatseka. Pa sitetimentipo onani dzina lomwe linadula ndalama, ngati ndi la kampani ya ndege zili bwino, ngati ndi la ejenti banki ikhoza kuvutako ndiye muumirire kuti ejentiyo alembe ngati anapereka ndalamazo ku kampani kapena akadali nazo. Musakakalipe ku banki ngati ine, lankhulani mofatsa, koma osachoka asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Inshulansi ya ulendo ngati munagula yang'anani mawu akuti airline failure kapena insolvency, kutanthauza kugwa kwa kampani ya ndege, zambiri sizikhala nawo, yanga inalibe. Ndipo ngati ulendo ukadalipo musathamangire kugula tikiti ina, makampani ena amatulutsa mitengo yotsika ya anthu osiyidwa, amati rescue fare, mumangoonetsa tikiti yakaleyo, ngakhale kunena zoona mutakhala ndi wodwala pa wilitcheya ngati ine gulani yomwe ilipo basi. Ma ejenti ine ndinathana nawo, komabe ulendo wa mayi wotsatira ndidzafunabe wina wondikonzera za wilitcheya, kungoti ndidzalipira ndi khadi ngakhale anene kuti ikudula bwanji.